Zilembo Ziwiri

Pa khadi la Elube adokotala analemba zilembo ziwiri,
M ndi S,
n'kuthamangira ku wodi ina.
Zotsalazo anandisiyira ine.

Matendawa alibe dzina m'Chichewa.
Azakhali anga a ku Mitundu akuti ndi kufa ziwalo.
Ayi, ziwalo sizinafe,
zimangochoka osatsazika, n'kubweranso osaodira.
Ku tchalitchi kwa Elube akuti ndi ziwanda.
Mwamuna wake akuti ndi ulesi:
pajatu Lamulungu anamuona akuchapa bwinobwino,
nanga bwanji Lachiwiri mwendo ukukwekwerezeka
ngati thumba la makala?

Ndimatulutsa waya wa ayironi yakufa
amene ndimayenda naye m'thumba la yunifolomu.
Taona apa, Elube, pamene makoswe anakukuta.
Moto ulipo, koma umatayikira panjira.
Mitsempha yako ili choncho,
kungoti khoswe wake ndi thupi lako lomwe.
Iye amaseka:
"Ndiye ndasanduka magetsi a ku Kawale, sista?
Lero ndayaka, mawa ndazima?"

Ndi telala.
Sabata yatha maso a singano anakhala awiri,
ulusi n'kusowa kolowera.
Madiresi a chinkhoswe cha eni akudikira pa msomali.
Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo
miyendo yake imafota ngati bonongwe wadzulo.

Tinalipo atatu amene tinakaphunzira zimenezi,
milungu isanu ndi umodzi,
mphunzitsi akulankhula pa kanema ali kutali,
netiweki ikudukaduka ngati matenda omwewo.
Sista Gomile ali kunja tsopano,
amatumiza zithunzi atavala chijasi mpaka m'makutu.
A Kalilombe anawasamutsira ku wodi ya ana,
nakonso kukuyaka moto.
Ndatsala ine,
satifiketi ili m'pulasitiki kunsi kwa matiresi,
ndi mabedi makumi anayi a malungo, shuga, ngozi za kabaza,
amene sadziwa kuti ndinaphunzira china.

Kiliniki yake ndi foni yanga.
Imalira ndili mu minibasi pa mlatho wa Lilongwe,
kondakitala akundikumbutsa za chenji:
"Sista, mkodzo wakana kutuluka."
"Sista, dzanja lachita dzanzi, kodi ayambiranso?"
Ndimayankha chala chili m'khutu linalo.
Onse alipo asanu ndi awiri.
Akuluakulu akuti asanu ndi awiri ndi ochepa.
Ndikudziwa.
Koma aliyense amadwala ndi thupi lathunthu.

Fomu ya tchuthi yagona m'dirowa chaka ndi miyezi.
A metironi amati tikuganizirabe,
ndalama zikabwera titumiza ena.
Mutu umodzi susenza denga, amatero okha,
kenaka n'kulemba dzina langa pa mausiku asanu.

Mwezi uno anatipatsa Chifuniro,
wophunzira wa chaka chachitatu, wa nsapato zolira.
Ndimamuphunzitsa mobera, pakati pa jakisoni ndi jakisoni.
Usayambe ndi khadi, yamba ndi nsapato:
ikatha kutsogolo, phazi likukoka pansi.
Za chikhodzodzo ufunse mwamuna atatuluka.
Kutopa kwawo si kumene umakudziwa iwe.
Usanene kuti mwachira.
Usanenenso kuti simudzachira.
Nanga ndinene chiyani? akutero.
Khala kaye pansi, ndikutero, pa benchi lomwelo.

Dzulo ndinamupeza pakhonde ndi Elube,
akuyesa limodzi kawaya kolowetsera ulusi
kamene anagula yekha mu msika waukulu.
Kanalowa kachitatu.
Elube anakuwa mpaka mlonda anasuzumira.

Lachisanu Chifuniro akupita kwa azamba,
ndandanda yatero.
Madzulo ano wandipempha waya wanga uja.
Ndatenga sizasi ya mabandeji,
yobuntha ngati nthawi zonse,
ndalimbana naye mpaka wadukira pakati.
Mbali yolumidwa kwambiri ndamupatsa iyeyo.